ZA UMOYO M'MUDZI: Mlomo Wong'ambika ndi Tizizindikiro ta ku Mtundu

Mwana akabadwa ndi mlomo wong'ambika, m'nyumba imene munayenera kumveka nthungululu mumangoti zii. Azamba ndi amai acikulire amayang'anana, ndipo dzuwa lisanalowe mudzi wonse umakhala utayamba kufunsa funso limodzi lokha: kodi walakwa ndani? Kawirikawiri cala cimaloza mai wa mwanayo. Ena amati anaseka munthu wolemala pamene anali ndi pakati, ena amati anadya cakudya coletsedwa, ena amati sanasunge mwambo, ndipo zonsezi zikasowa umboni pamatsala mau akale aja akuti pali munthu wawalodza. Maukwati ena amapasuka kaamba ka nkhani yotereyi, ndipo ana ena amabisidwa m'nyumba kufikira ataonda ndi njala.

Pa mlandu wonsewu sipapezeka munthu woyang'ana mlomo wa atate a mwanayo, kapena m'kamwa mwa atsibweni, kapena wokumbukira kuti agogo ena a kucimuna anali kulankhulira m'mphuno moyo wao wonse. Komatu kumeneko ndi kumene madotolo amayambira. Kwa zaka zoposa 80 iwo akhala alikupima mabanja a ana otere, ndipo apeza kuti nthawi zina bvutoli limasiya tizizindikiro pa milomo ndi m'kamwa mwa abale amene iwo eni anabadwa osang'ambika. Tina mwa tizizindikiroti n'tofunika kwambiri, tina timanena zocepa, ndipo tina timene anthu angatiganizire sitinena kanthu konse. Banja lodziwa kusiyanitsa zimenezi limaleka kufunafuna mfiti, ndipo limakonzekera bwino mwana wotsatira.

M'MENE MLOMO UMAPANGIKIRA

Nkhope ya munthu siimaumbika ngati mbiya ya dongo limodzi. Mimba ikafika masabata 4, mnofu umayamba kumera kucokera m'mwamba ndi m'mbali zonse ziwiri, ndipo zigawo zimenezi zimayenda kukakumana pansi pa mphuno monga nsalu zimene telala alikuzilumikiza. Pofika sabata la 7 mlomo wa m'mwamba umakhala utatsekeka. Mizere iwiri ija imene munthu ali yense ali nayo pakati pa mphuno ndi mlomo iri pamene panadutsa msoko. Denga la m'kamwa limadza pambuyo: mbali zace ziwiri zimakwera pamwamba pa lilime ndi kukumana pakati, ndipo nchitoyo imatha mimba isanapitirire miyezi 3. Zigawozo zikalephera kugwirana, mwana amabadwa ndi mpata pa mlomo, kapena m'denga la m'kamwa, kapena ponse pawiri. Kunena zoona palibe cimene cinang'ambika. Ndi msoko umene sunathe kusokedwa.

Mfundo imeneyi yokha ikhoza kuthetsa milandu yambiri. Pa sabata la 7 mwana amakhala wocepa ngati njere ya nyemba, ndipo amai ambiri amakhala asanatsimikize ndi komwe kuti aima. Cimene mai anaona, anaseka kapena anadya mimba itayamba kuoneka sicingatsegule mlomo umene unatsekeka kale miyezi ya m'mbuyo.

Pa dziko lonse lapansi, mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 700 amabadwa motere. Mitundu ya anthu imasiyana: ku Asia ndi mmodzi mwa 500, kwa Azungu mmodzi mwa 1,000, ndipo mu Africa muno ciwerengero codziwika ndi mmodzi mwa 2,500, ngakhale kuti kuno ana obadwira kunyumba ndi omwalira asanafike ku cipatala sawerengedwa onse. Kung'ambika kwa mlomo kumagwera anyamata kawiri kuposa atsikana, pamene kung'ambika kwa denga lokha la m'kamwa kumacuruka mwa atsikana. Mpata ukakhala mbali imodzi, umapezeka kumanzere kawiri kuposa kumanja. Kukanakhala kulodzedwa, cikanakhala cinthu codabwitsa ndithu kuti mfiti za maiko onse zipangane kukonda mbali ya kumanzere.

KUCIKAZI KAPENA KUCIMUNA?

Mmodzi wa anthu oyamba kulondola nkhaniyi mwadongosolo anali dotolo wa opareshoni wa ku Denmark, Poul Fogh-Andersen, amene mu 1942 anafalitsa zimene anapeza atatsata mbiri ya mabanja a odwala pafupifupi 700. Iye anaona kuti bvutoli limayendadi m'mtundu, ndiponso kuti liri pawiri. Mabanja amene mumabadwa ana ong'ambika mlomo, kaya denga la m'kamwa lakhudzidwa kaya ai, amabwereza mtundu womwewo. Mabanja a denga lokha naonso amabwereza cao.

Kufufuza kwina kwakukulu kunacitika ku Norway, dziko limene limalemba m'kaundula mwana ali yense wobadwa. Madotolo anaunika mbiri ya ana oposa 2 miliyoni obadwa kuyambira 1967 kufika 2001, ndipo zotsatira zace zinatuluka mu 2008. Anapeza kuti mwana amene kholo lace kapena mbale wace wa bere limodzi anang'ambika mlomo ali pa ngozi yoposa ya ana ena nthawi pafupifupi 30. Koma cimene ciyenera kumveka pa bwalo liri lonse ndi ici: ngoziyo inali yofanana, kaya wong'ambikayo anali mai kaya anali bambo.

Kwa Acewa ndi Ansenga mwana ndi wa kucikazi, ndipo mwini mbumba ndiye amayankha milandu yace. Kwa Angoni a kwa Mpezeni, kumene ng'ombe za malowolo zimaperekedwa, mwana ndi wa kucimuna. Miyambo yonse iwiri iri ndi nchito yace posunga mudzi, koma thupi la mwana silidziwa mwambo uli wonse. Malangizo a kapangidwe ka thupi amanyamulidwa ndi timbeu tosaoneka ndi maso, timene m'Cingerezi timachedwa gene, ndipo mwana amalandira theka la timbeuti kwa mai ndi theka kwa bambo. Mwambi umati mace mbuu, mwana mbuu; pa nkhani iyi atate ace naonso ali momwemo.

Mwa ana 10 ong'ambika mlomo, pafupifupi 7 alibe cilema cina ciri conse m'thupi, ndipo mwa iwowa palibe kambeu kamodzi kamene kangaimbidwe mlandu. Ziri ngati mtsuko umene anthu ambiri alikuthiramo madzi, yense cikho cimodzi. Zikho zina zimacokera kwa mai, zina kwa bambo, ndipo zina ndi zimene thupi la mai linakumana nazo m'masabata oyamba aja. Mtsuko ukasefukira, msoko umalephera kutsekeka. Mai ndi bambo akhoza kukhala ndi mitsuko yosadzaza, milomo yao iri bwino lomwe, koma mwa mwana mmodzi zikho za mbali zonse ziwiri zimakumana. Amapasa amacitira umboni mfundoyi. Mwa amapasa ofanana ndendende, amene timbeu tao n'timodzimodzi, mmodzi akang'ambika mnzace amang'ambikanso m'magulu 40 kufika 60 pa 100 alionse. Mwa amapasa osafanana ndi magulu 3 kufika 5 cabe. Mtundu uli ndi mphamvu ndithu, koma suli wokha, cifukwa ukanakhala wokha amapasa ofanana akanang'ambika onse awiri nthawi zonse.

Tizizindikiro timene madotolo amafuna mwa abale ndito madzi a mtsuko umene unatsala pang'ono kusefukira.

TIMAENJE TA PA MLOMO WA M'MUNSI

Cizindikiro coposa zonse siciri pa mlomo wa m'mwamba, umene umang'ambika, koma pa wa m'munsi. Anthu ena amabadwa ndi timaenje tiwiri pa mnofu wofiira wa mlomo wa m'munsi, kamodzi mbali iyi ndi kena mbali inayo ya pakati peni peni. Nthawi zina kamakhala kamodzi kokha, nthawi zina timaoneka ngati totupa tiwiri tokhala ndi kabowo pamwamba, ndipo tina timatulutsa timadzi tonanda ngati malobvu. Sitipweteka. Munthu akhoza kukalamba nato osadziwa kuti tiri ndi tanthauzo, ndipo abale amangotiyesa cizindikiro ca kwao monga ena amakhalira ndi makutu aakulu.

Mu 1954 mai wina wofufuza za cibadwa ku America, Anne Van der Woude, anaonetsa kuti timaenjeti ndi kung'ambika kwa mlomo kapena denga la m'kamwa ndi cinthu cimodzi coyenda m'banja, ndipo kufikira lero bvutoli limachedwa ndi dzina lace. Mwa ana 100 ong'ambika, pafupifupi 2 ndi a mabanja otere. Ciwerengeroco n'cocepa, koma m'mabanja amenewa nkhani ya mtsuko ija siigwira nchito. Muno kambeu kamodzi kokha n'kokwanira, ndipo kholo limene liri nako, kaya mai kaya bambo, limakapatsira kwa theka la ana ace.

Kambeuko kanapezeka mu 2002, ndipo kanapezeka m'njira yocititsa cidwi. Panali amapasa awiri ofanana, mmodzi wokhala ndi bvutoli ndi mnzace wopanda. Popeza timbeu tao tonse tinayenera kufanana, ofufuza anafunafuna pamene panasiyana, ndipo anapapeza pa kambeu kochedwa IRF6. Mu 2014 gulu lotsogozedwa ndi Azeez Butali, dotolo wa mano wa ku Nigeria, linapeza zolakwika pa kambeu komweko m'mabanja a ku Nigeria ndi ku Ethiopia. Motero iyi si nkhani ya Azungu okha ai.

Cimene cimasokoneza anthu n'cakuti kambeuka sikaoneka mofanana mwa onse. Agogo akhoza kukhala ndi timaenje tokha, mwana wao kusowa mano ena amene sanamere konse, ndipo mdzukulu kubadwa wong'ambika mlomo ndi denga lomwe. Mwa anthu 10 okhala ndi kambeuka, oposa 8 ali ndi timaenje, koma ong'ambika ndi pafupifupi theka. Cifukwa cace kwa kholo lokhala ndi timaenjeti, ngozi yakuti mwana ang'ambike ikhoza kufika pa mwana mmodzi mwa 4. Ndiponso m'mabanja amenewa lamulo la Fogh-Andersen lija limasweka: m'nyumba imodzi mukhoza kubadwa wina wong'ambika mlomo ndi wina wong'ambika denga lokha. Namwino akamva mbiri yotere amayang'ana msanga milomo ya m'munsi ya makolo onse awiri.

Mau akuti theka asamveke molakwa. Satanthauza kuti woyamba akatengera, waciwiri apulumuka. Mimba iri yonse iri ngati kuponya ndalama yacitsulo m'mwamba: ikhoza kugwera mbali imodzimodzi katatu motsatizana. Liripo banja la ana 6 onse abwinobwino, ndipo liripo lina la ana 3 onse otengera.

Timaenje ta m'masaya timene timaoneka munthu akamaseka si timeneti. Timabowo ta m'ngodya za kamwa, pamene milomo iwiri imakumanira, timapezeka mwa anthu ambirimbiri ndipo sitikhudzana ndi nkhaniyi. Mpata wa pakati pa mano awiri a patsogolo, umene ambiri amauyesa kukongola, ndi kukongola basi.

ZINA ZOONEKA NDI ZOBISIKA

Pa mlomo wa m'mwamba, cizindikiro ndi kamzere konga cipsera kocokera ku bowo la mphuno kutsikira ku mlomo, mwa munthu amene sanabvulalepo pamenepo. Kawirikawiri pamakhalanso kakumbika kakang'ono m'mphepete mwa mlomo, ndipo bowo la mphuno la mbali imeneyo limakhala lophwatalala pang'ono. Uku ndi kung'ambika ndithu, koma kwa msoko umene unatsekeka mobvutikira. Ndebvu za pa mlomo zimabisa cizindikiro cimeneci, ndipo amuna ena amene amathamangitsa akazi ao kaamba ka mwana wong'ambika akanacita bwino kuyamba ameta ndi kudziyang'ana pa galasi. Poika ciwerengero ca ngozi, madotolo amamwerengera munthu wotere pamodzi ndi ong'ambika.

M'kamwa, ca kumapeto kwa denga, muli kanyama kolendewera kamene kamaoneka munthu akayasamula. Mwa munthu mmodzi kapena awiri pa 100 kanyamaka kamakhala kogawika pawiri ngati mcira wa nsomba. Pa kokha sikabvuta, ndipo ambiri okhala nako alibe matenda ali onse. Koma nthawi zina kamaulula kung'ambika kobisika, pamene khungu la m'kamwa linatseka bwino koma minofu ya m'kati mwace siinakumane. Dotolo wa ku Britain, James Calnan, analongosola mu 1954 zizindikiro zitatu za bvuto limeneli: kanyama kogawika kaja, kamzere kopyapyala kodutsa pakati pa denga lofewa, ndi kakumbika pa fupa la denga kamene dotolo amakamva ndi cala. Mwana wotere amatulutsa mkaka m'mphuno ali khanda, amadwala makutu kawirikawiri, ndipo akakula amalankhulira m'mphuno. Ku sukulu anzace amamuseka ndipo ena amamuyesa wopusa, pamene bvuto lace liri m'kamwa ndipo likhoza kukonzedwa.

Cizindikiro cina sicioneka konse ndi maso. Kamwa lazunguliridwa ndi mnofu umene umagwira nchito poyamwa ndi poliza mluzu. Ofufuza a ku Pittsburgh, ku America, anaunika mnofu umenewu ndi makina onga aja ounikira amai apakati, ndipo mu 2007 analengeza kuti mwa abale osang'ambika a ana ong'ambika, pafupifupi 10 pa 100 anali ndi mpata wobisika mu mnofuwo, pamene mwa anthu ena anali pafupifupi 6 pa 100. Kupima kotere sikucitika pa kiliniki ya kumudzi, ndipo palibe cifukwa cokufunafuna. Phindu lace n'lakuti kumatsimikiza kuti munthu wooneka bwino lomwe kunja akhoza kunyamula mbali ya bvutoli, iye mwini osadziwa.

Pali nkhani inanso yofunika kuisamala pokamba, ndiyo ya maonekedwe a nkhope yonse. Mu 1970 madotolo awiri a ku Montreal, ku Canada, F. Clarke Fraser ndi H. Pashayan, anapima nkhope za makolo a ana ong'ambika ndi kuzilinganiza ndi za anthu ena. Anapeza kuti makolowo, powatenga monga gulu, anali ndi nkhope zotambalala pang'ono pa mafupa a masaya, nsagwada ya m'mwamba yobwerera m'kati pang'ono, ndi mlomo wa m'mwamba wopyapyala. Ena amene anadza pambuyo ndi makina ojambula mafupa anapezanso kusiyana kotere pa kutambalala kwa mphuno ndi kwa nkhope ya m'mwamba. Zonsezi n'zoona, koma kusiyanako n'kwa mamilimita ocepa, ndipo kumaoneka pokhapokha anthu ambiri atapimidwa ndi kuwerengeredwa pamodzi. Palibe dotolo, ngakhale wophunzira motani, amene angayang'ane nkhope ya munthu mmodzi ndi kunena kuti uyu adzabala mwana wong'ambika. Nkhoswe imene ingabweze mnyamata wodzafunsira mbeta cifukwa ca nkhope yotambalala idzakhala itacita nkhanza yopanda pace.

Za mano n'cimodzimodzi. Mwana wong'ambika kawirikawiri amasowa dzino loyandikana ndi mpatawo, kapena limamera lacing'ono kapena lopotoka. Koma mwa makolo ndi abale, dzino losowa pa lokha si umboni wa kanthu, pokhapokha likapezeka pamodzi ndi timaenje ta pa mlomo.

FUNSO LA MWANA WOTSATIRA

Makolo akatha kulira, funso limene limawasowetsa tulo ndi lakuti kodi zidzacitikanso. Yankho limadalira mtundu wa banja. Ngati pali timaenje ta pa mlomo wa m'munsi, ngozi ndi yaikulu monga kwalongosoledwa kale. Ngati palibe, ndipo mwanayo alibe cilema cina, ziwerengero zocokera ku Ulaya ndi ku America zimaonetsa kuti makolo osang'ambika amene abala mwana mmodzi wong'ambika mlomo ali ndi ngozi ya pafupifupi 4 pa 100 pa mimba yotsatira. Kunena kwina, mwa mabanja 100 otere, 96 amabala mwana wa mlomo wathunthu. Ana ong'ambika akakhala awiri, ngozi imakwera kufika pafupifupi 9 pa 100. Munthu amene iye mwini anabadwa wong'ambika, akakula ndi kukwatira, ngozi ya mwana wace irinso pafupifupi 4 pa 100, ndipo palibe cifukwa comuletsera banja. Kwa asuweni ndi abale akutali ngozi imatsika msanga kuyandikira ya anthu onse.

Ukwati wa pa cisuweni, umene makolo akale anali kuukonda, umafuna kuganizira pang'ono ngati bvutoli lirimo kale m'mtundu, popeza mwamuna ndi mkazi amakhala atatunga pa citsime cimodzi.

Zikho zocokera ku mtundu sizingacotsedwe mu mtsuko, koma zina zija zikhoza kupewedwa. Fodya ndiye woyamba: mu 2014 mkulu wa zaumoyo wa boma la America analengeza kuti umboni wakwanira wakuti kukoka fodya pa ciyambi ca mimba kumayambitsa kung'ambikaku. Mwamuna wokokera fodya m'nyumba imene mugona mkazi wace amamukoketsa naye. Kuledzera ndi kacasu kapena mowa wina m'masabata oyamba n'koopsa, ndipo matenda a shuga osasamalidwa amaonjezeranso ngozi. Mankhwala ena a khunyu amacita cimodzimodzi, koma mai wodwala khunyu asaleke mankhwala pa yekha, cifukwa kugwa ali ndi pakati n'koopsa koposa. Apite kwa dotolo asanaime kuti akaone ngati mankhwalawo angasinthidwe.

Mapiritsi a folic acid, amene amaperekedwa ku sikelo ya amai apakati pamodzi ndi oonjezera magazi, amateteza ndithu zilema za msana ndi ubongo. Ku Norway, mu 2007, kunapezekanso kuti amai amene anali kuwamwa pa ciyambi ca mimba anacepetsa ngozi ya mlomo wong'ambika ndi gawo limodzi mwa magawo 3. Bvuto n'lakuti amai ambiri amayamba sikelo mimba iri ndi miyezi 4 kapena 5, pamene mlomo unapangika kale. M'banja limene muli mbiri imeneyi, mai ayenera kupempha mapiritsiwo asanaime. Mkhwani, bonongwe, khwanya, nyemba ndi nshawa ziri ndi cakudya comweco, ndipo siziyenera kusowa pa mphasa.

MWANA AKABADWA

Phindu lalikulu la kudziwa mbiri ya banja limaoneka pa tsiku la kubadwa. Mai amene anauza anamwino za timaenje ta amuna ace kapena za mlongo wace wong'ambika amalangizidwa kukacirira ku cipatala, kumene m'kamwa mwa khanda mumaunikidwa ndi nyali mpaka kumapeto. Kung'ambika kwa denga lokha sikuoneka kunja, ndipo kunyumba kumadziwika mocedwa, mwana atayamba kale kuonda.

Mdani wa mwana wotere m'miyezi yoyamba ndi njala. Wong'ambika mlomo wokha kawirikawiri amayamwa bwino, makamaka mai akatseka mpatawo ndi bere kapena ndi cala. Wong'ambika denga amalephera kukoka mkaka, monga munthu woyesa kumwa ndi bango lobooka m'mbali. Amatopa, amagona asanakhute, ndipo mkaka wina umatulukira m'mphuno. Mai afinyire mkaka wa m'mawere m'kapu yotsukidwa bwino ndi kumpatsa pang'onopang'ono ndi kapu kapena supuni, mwanayo atamkhazika coongoka, osati cagada. Amgeyetse kawirikawiri cifukwa amameza mpweya wambiri, ndipo kudyetsa kusapitirire mphindi 30 nthawi imodzi. Kuli bwino kumpatsa zocepa pafupipafupi, usana ndi usiku. Nchito imeneyi n'njolemetsa munthu mmodzi. Apa ndi pamene atate a mwana, apongozi ndi azakhali ayenera kulandizana kapu.

Sikelo isaphonyedwe, popeza opareshoni imadikira kulemera kwa mwana. Madotolo ambiri amafuna kuti akhale ndi masabata osacepera 10, makilogiramu pafupifupi 5, ndi magazi okwanira. Mlomo umasokedwa mwana ali ndi miyezi 3 kufika 6, ndipo denga la m'kamwa pakati pa miyezi 9 ndi 18, asanazolowere kulankhulira m'mphuno. Njira imayambira pa kiliniki yapafupi, kumene kalata imalembedwa yopita ku cipatala ca boma, ndipo kucokera kumeneko mwana amatumizidwa kumene kuli madotolo a nchitoyi. Ku Lusaka kuli University Teaching Hospital, ndiponso cipatala ca ana ca Beit CURE cimene cinatsegulidwa mu 2006. Dotolo Goran Jovic, amene kwa zaka zambiri anali katswiri yekhayo wa opareshoni zokonza ziwalo zotere muno m'Zambia, anasoka ana ambirimbiri pouluka ndi kandege ka bungwe la FlySpec kupita ku zipatala za kutali ndi njanji. Bungwe la Smile Train, limene linayamba mu 1999, limalipirira opareshoni zimenezi m'zipatala zogwirizana nalo. Anamwino a pa kiliniki ndiwo angafunse kumene ndi tsiku limene madotolowo apezeke. Wacikulire amene sanasokedwe ali mwana sanacedwe. Mlomo umasokeka pa msinkhu uli wonse, ngakhale kuti kalankhulidwe kamabvuta kusintha denga likasokedwa mocedwa.

Opareshoni ikatha, makutu ayenera kuyang'aniridwa. Ana ong'ambika denga amasunga madzi m'kati mwa khutu, ndipo mwana wosatembenuka poitanidwa kapena wotuluka mafinya m'khutu apite naye ku cipatala msanga. Mano naonso amafuna kuonedwa pamene acikulire ayamba kumera.

Timaenje ta pa mlomo wa m'munsi tikhoza kucotsedwa ndi opareshoni yaing'ono ngati timatulutsa madzi kapena ngati mwini wace satifuna. Koma mpeni wa dotolo umacotsa timaenje tokha, kambeu kaja kamatsala. Mwana amene anacotsedwa timaenjeti, kapena amene anasokedwa bwino kotero kuti cipsera sicioneka, auzidwe mbiri yace akatha msinkhu, mnyamata ndi mtsikana yemwe, ndipo mapepala a ku cipatala asungidwe pamodzi ndi kadi lace la sikelo kuti adzawaonetse kwa anamwino iye kapena mkazi wace asanatenge mimba yoyamba.